Mafilimu a zakuthambo ndi zamoyo za kumapulaneti ena: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene anthu okonda mafilimu a zombo zakuthambo ndi zolengedwa zachilendo amafunsa mobwerezabwereza. Oyambirira ndi apafupi, akumapeto amalowa mkati mwa sayansi yeniyeni. Nkhani ikakhala kuti yafotokozedwa kale, tangokulozerani pamene ili.

Kodi mafilimu a science fiction ndi otani, ndipo amasiyana bwanji ndi a zamatsenga?

Ndi nkhani zopeka zimene zimatsamira pa sayansi, kaya yomwe ilipo kale kaya yomwe olemba akuganiza kuti idzakhalapo. Mu filimu ya zamatsenga munthu akauluka palibe amafunsa kuti wauluka bwanji. Mu filimu ya science fiction pamafunika injini, mafuta ndi mpweya wopuma umene ungathe kutha. Malirewa sali olimba kwenikweni, chifukwa mafilimu ambiri otchuka ndi nthano zakale za mafumu ndi ankhondo zimene zangosamutsidwira pakati pa nyenyezi.

Anayamba liti?

Anayamba kanema akadali wakhanda. Mu 1902, Georges Méliès wa ku France anatulutsa Le Voyage dans la Lune, kafilimu kopanda mawu ka mphindi zosakwana 20, kosonyeza anthu akuponyedwa kumwezi ndi mzinga waukulu. Méliès anali katswiri wa masewero odabwitsa apasiteji, ndipo njira yake yoimitsa kamera, kusintha zinthu, kenako kupitiriza kujambula, inakhala maziko a luso lonseli.

Mafilimuwa anachuluka m'zaka za m'ma 1950, pamene America ndi Soviet Union ankaopsezana ndi mabomba a nyukiliya. Setilaiti yoyamba, Sputnik ya Soviet Union, itaponyedwa pa 4 October 1957, ndiponso Yuri Gagarin atazungulira dziko pa 12 April 1961, nkhani zakuthambo zinasiya kuoneka ngati maloto a ana.

N'chifukwa chiyani anthu amakopeka nawo chonchi?

Chifukwa funso lakuti tili tokha kapena ayi silinayankhidwebe, ndipo ndi limodzi mwa mafunso ochepa amene mwana ndi pulofesa amafunsa mofanana. Koma palinso china. Mlendo wochokera kuthambo amapatsa wopanga filimu mpata wonena za anthu popanda kuloza munthu chala. Mafilimu a ku America a m'ma 1950 onena za adani obisala m'matupi a anansi ankanena za mantha a chikomyunizimu. District 9 ya mu 2009, imene inajambulidwa ku Soweto, ikusonyeza zolengedwa zakuthambo zitatsekeredwa m'zisakasa kunja kwa Johannesburg. Aliyense wodziwa mmene anthu anasamutsidwira mokakamiza ku District Six ya ku Cape Town, kapena amene anakhalapo mlendo ku Joni, safunika womumasulira filimu imeneyo.

Chilakolako chimenechi si cha maiko olemera okha. Mu 1964, chaka chimene Zambia inalandira ufulu, mphunzitsi Edward Mukuka Nkoloso analengeza kuti akufuna kutumiza Azambia kumwezi ndi ku Mars, ndipo ankaphunzitsa achinyamata powagubuduza m'migolo kuchokera pachitunda. Atolankhani akunja anamuseka. Ife tikuona kuti mfundo yake yaikulu inali yolondola: thambo si munda wa fuko limodzi.

Kodi kuthambo kumamveka phokoso la injini ndi la kuphulika?

Ayi. Phokoso ndi kunjenjemera kumene kumayenda mu mpweya, m'madzi kapena m'chitsulo, ndipo kunja kwa chombo kulibe choti chilinyamule. Chombo china chitaphulika pafupi, mungaone kuwala koma osamva kanthu mpaka zidutswa zitamenya khoma la chombo chanu. Mkati mwa chombo ndiye muli phokoso losalekeza la mafani ndi mapampu.

Opanga mafilimu amadziwa zimenezi, koma amaopa kuti nkhondo yachete ingagonetse oonera. Mawu a mfuti za mu Star Wars ya mu 1977 anawapanga Ben Burtt pomenya ndi hamala waya wokoka nsanja ya wailesi. Stanley Kubrick, mu 2001: A Space Odyssey ya mu 1968, anasankha choona: munthu akatuluka m'chombo mumangomva kupuma kwake.

Moto nawonso amaunamizira. Malawi amakwera m'mwamba chifukwa mpweya wotentha ndi wopepuka. M'chombo choyandama mulibe kumwamba kapena pansi, choncho lawi limakhala lobulungira, laling'ono ndi labuluu. Kunja kwa chombo moto umazima okosijeni wotuluka m'chombocho akangomwazika.

Anthu a m'chombo amayandama chifukwa kulibe mphamvu yokoka?

Ambiri amaganiza choncho koma si zoona. International Space Station, siteshoni yakuthambo imene mumakhala anthu, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo pamenepo mphamvu yokoka ya dziko ikadali pafupifupi 90 peresenti ya imene tili nayo pansi. Siteshoniyo imagwa nthawi zonse, kungoti ikuthamangira cham'mbali pa liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, moti pamene ikugwa dziko lobulungirali limakhala likupindika pansi pake. Imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90. Anthu, zida ndi makoma zonse zikugwera limodzi, n'chifukwa chake palibe chopondereza chinzake.

Thupi silikondwera nazo. Madzi a m'thupi amakwera kumutu, nkhope imatupa, ndipo mafupa onyamula thupi amatha ndi pafupifupi 1 peresenti pamwezi. N'chifukwa chake okhala m'siteshoni amachita masewero olimbitsa thupi maola awiri tsiku lililonse.

Njira yodziwika yopangira kulemera m'chombo ndi kuchizunguza. Mukazunguza ndowa ya madzi mwamphamvu, madzi amakanirira pansi pa ndowa ngakhale itazondoka. Chombo chozungulira chingachite chimodzimodzi kwa anthu, koma chiyenera kukhala chachikulu kwambiri, apo ayi mutu ndi mapazi zimamva kulemera kosiyana ndipo munthu amachita chizungulire.

Nanga kuyandamako amakujambula bwanji?

Pali njira zinayi, ndipo iliyonse ili ndi vuto lake.

Yoona kwambiri ndi ya ndege. Ndege imakwera mopendekeka madigiri pafupifupi 45, ndipo panthawiyi aliyense amalemera pafupifupi kawiri. Woyendetsa amachepetsa mphamvu ya injini, ndege n'kuyenda ngati mwala woponyedwa m'mwamba, ndipo kwa masekondi 20 mpaka 25 zonse za mkati zimayandama. Kenako amaikwezanso m'mwamba. Filimu ya Apollo 13 ya mu 1995 inajambulidwa motere m'ndege ya KC-135 ya NASA, bungwe la America la zakuthambo, imene inakwera ndi kutsika ka 612 kuti papezeke maola pafupifupi anayi a kuyandama. Vuto ndi lakuti chochitika chilichonse chiyenera kudulidwa m'tizigawo tosakwana theka la mphindi, malo ndi opanikiza, ndipo ambiri amasanza.

Yofala ndi ya mawaya. Wosewera amavala lamba wolimba m'chiuno ndi m'ntchafu mkati mwa zovala, ndipo mawaya amafufutidwa pakompyuta. Kale kompyuta isanabwere ankaimika chipinda chojambuliramo chilili, kamera ili pansi kuloza kudenga, kuti thupi la wosewera libise waya womupachika. Zoulula chinyengochi ndi tsitsi logwera pansi, zovala zolendewera, ndi thupi limene limazungulira pachiuno pokha.

Ena amajambulira m'thanki ya madzi, koma madzi amachedwetsa manja ndipo thovu limaonekera. Njira yatsopano ndi kumusiya wosewera pamalo amodzi, n'kuyendetsa kamera ndi kuwala momuzungulira. Mu Gravity ya mu 2013, nthawi zambiri nkhope yokha ndiyo inali yeniyeni. Wosewera ankakhala m'bokosi la timababu ta LED tosonyeza kuwala kwa dziko ndi dzuwa, ndipo suti ndi chombo zinajambulidwa pakompyuta.

Kuthambo kwenikweni kunajambulidwakonso. Mu October 2021, Yulia Peresild ndi Klim Shipenko a ku Russia anakhala masiku 12 pa International Space Station akujambula zigawo za filimu yawo.

Ngati luso lili chonchi, tingadziwe bwanji kuti ulendo wa kumwezi wa mu 1969 sunali filimu?

Anthu 12 anaponda pamwezi pakati pa 1969 ndi 1972, ndipo anabwera ndi miyala ndi dothi zolemera makilogalamu 382, zimene asayansi a maiko ambiri aziunika. Anasiyako magalasi obweza kuwala amene mpaka lero amawombedwa ndi laser kuchokera pansi pano poyeza mtunda wa kumwezi. Chombo cha Lunar Reconnaissance Orbiter, chimene chinapita mu 2009, chinajambula malo amene anatera, zida zotsala ndi njira zimene anayendamo. Soviet Union, imene ikanasangalala kugwira America bodza, sinatsutse.

Mbendera imaoneka yotambasuka chifukwa inali ndi kandodo kopingasa pamwamba. Nyenyezi sizioneka pazithunzi chifukwa kamera inatcheredwa kuti ijambule dothi ndi masuti oyera owala ndi dzuwa. Umboni umene ife timaukonda ndi fumbi la matayala a galimoto zimene anayendera pamwezi pa maulendo a Apollo 15 mpaka 17: limakwera n'kugwa nthawi yomweyo osapanga mtambo, zomwe sizingatheke m'chipinda chokhala ndi mpweya.

Munthu atatuluka m'chombo wopanda suti angaphulike kapena kuuma ngati ayezi?

Zonse ziwiri ndi za m'mafilimu. Khungu ndi lolimba mokwanira kusunga thupi, ngakhale limatupa. Chopha ndi kusowa okosijeni: munthu amakomoka pakatha masekondi 10 mpaka 15. Malovu ndi misozi zimayamba kuwira, osati chifukwa cha kutentha koma chifukwa palibe mpweya wozipondereza. Katswiri wina wa NASA amene suti yake inataya mpweya m'chipinda choyesera m'ma 1960 anamva malovu akuwira palilime asanakomoke, ndipo anachira mpweya utabwezeredwa msanga. Kugwira mpweya m'chifuwa ndiko koopsa, chifukwa umafufuma n'kung'amba mapapo. Kuzizira kumachedwa, popeza palibe mpweya wochotsa kutentha m'thupi. Anthu atatu a m'chombo cha Soyuz 11 anafa mu 1971 valavu itatseguka pobwerera kudziko, ndipo kuyambira pamenepo oyenda m'zombo za Soyuz amavala masuti ponyamuka ndi potera.

Mafilimu amanamanso pa kavalidwe. Suti ya kunja imakhala ndi okosijeni yekhayekha, wopondereza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya wa pansi pano. Munthu asanatuluke amayamba wapuma okosijeni kwa nthawi yaitali kuti nayitirojeni achoke m'magazi, apo ayi amapanga thovu m'mitsempha ndi m'mfundo. Kukonzekera kumatenga maola. Timagetsi ta mkati mwa chipewa timene mumationa m'mafilimu ndi toti muone nkhope ya wosewera. Pa suti yeniyeni tingamuthobwe m'maso.

Kodi zombo zingafike ku nyenyezi zina m'masiku ochepa?

Apa ndi pamene mafilimu amatalikirana kwambiri ndi choona. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo palibe chinthu cholemera chimene chingafike liwiro limenelo. Kuchokera kumwezi kuwala kumatenga sekondi imodzi ndi pang'ono, kuchokera kudzuwa mphindi zisanu ndi zitatu ndi masekondi 20, koma kuchokera ku Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa, zaka 4.2. Chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977 ndipo chikuthamanga makilomita pafupifupi 17 pa sekondi, chingafunike zaka zoposa 70,000 kuti iyende mtunda umenewo.

Ngakhale kucheza pa wailesi kuli ndi malire omwewo. Uthenga wopita ku Mars umatenga mphindi zitatu mpaka 22, malingana ndi pamene mapulaneti awiriwa ali. Choncho magalimoto ofufuza a ku Mars sayendetsedwa ndi chiwongolero kuchokera kuno. Amatumiziridwa malangizo a tsiku lonse, ndipo potera amadziyendetsa okha.

Zoti nthawi imayenda mosiyana kuthambo n'zoona?

Inde. Albert Einstein anasonyeza kuti liwiro lalikulu ndi mphamvu yokoka yaikulu zimachedwetsa nthawi. Mawotchi a m'masetilaiti a GPS amatsogola ndi ma microsecond (magawo a miliyoni a sekondi) pafupifupi 38 patsiku chifukwa mphamvu yokoka kumtundako ndi yocheperapo, ndipo akanapanda kukonzedwa, foni yanu ikanasokera ndi makilomita angapo tsiku lililonse. Interstellar ya mu 2014, imene mlangizi wake anali wasayansi Kip Thorne, inakoka mfundoyi mpaka kumapeto: ola limodzi pafupi ndi black hole, malo okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo, likufanana ndi zaka zisanu ndi ziwiri kwathu. Masamu amalola zimenezi pokhapokha black hole yake ikhale yaikulu koopsa ndiponso yozungulira mothamanga kwambiri.

Kodi zamoyo za kumapulaneti ena zinapezekapo?

Ayi. Mpaka pano palibe ngakhale kachilombo kamodzi kotsimikizika kochokera kunja kwa dziko lapansi. Zombo za Viking zinayesa dothi la ku Mars mu 1976, ndipo asayansi ambiri anaona kuti zotsatira zake zinachokera ku mankhwala a m'dothimo. Mu 1996 kunamveka kuti mwala wa ku Mars wotoledwa ku Antarctica, ALH84001, uli ndi zizindikiro za tizilombo takale, koma pambuyo pake zinaoneka kuti zizindikirozo zingapangike popanda moyo.

Chimene chatsimikizika ndi malo oti moyo ungathe kukhalamo. Mars inali ndi mitsinje ndi nyanja kalekale, ndipo galimoto ya Perseverance, imene inatera m'chigwa cha Jezero mu February 2021, inasonkhanitsa miyala pamathiriro a mtsinje wakale. Europa, mwezi wa Jupiter, ndi Enceladus, mwezi wa Saturn, ili ndi nyanja pansi pa ayezi. Chombo cha Cassini chinaona Enceladus ikupopera madzi kuthambo mu 2005, ndipo Europa Clipper inanyamuka mu October 2024 kuti ikafike kwa Jupiter mu 2030. Moyo ukadzapezeka m'malo amenewa, kwenikweni udzakhala wa tizilombo tosaoneka ndi maso.

Mapulaneti a nyenyezi zina amawaona bwanji ali kutali chonchi?

Ambiri sawaona mwachindunji. Pulaneti likamadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake limachepetsa kuwala pang'ono. Lalikulu ngati Jupiter lingachepetse kuwala kwa nyenyezi yonga dzuwa ndi 1 peresenti, longa dziko lathu ndi 0.008 peresenti yokha. Kuchepako kuyenera kubwereza pa nthawi yofanana, kawirikawiri katatu, asanakhulupirire, chifukwa mawanga a panyenyezi kapena nyenyezi ziwiri zozungulirana zimatha kunamiza. Njira ina ndi kuyeza kugwedezeka kwa nyenyezi pamene pulaneti likuikoka. Ndi mmene Michel Mayor ndi Didier Queloz anapezera pulaneti la 51 Pegasi b mu 1995. Lero mapulaneti otsimikizika apitirira 5,000.

Telesikopu ya James Webb, imene inaponyedwa pa 25 December 2021 ndipo galasi lake ndi la mamita 6.5, imaunika kuwala kwa nyenyezi kodutsa mu mpweya wa pulaneti kuti idziwe mitundu ya mpweyawo. Kupeza okosijeni kapena methane pakokha si umboni wa moyo, chifukwa miyala ndi kuwala kwa nyenyezi zimathanso kuzipanga.

Nanga uthenga wa wailesi wochokera kuthambo sunamvekepo?

Frank Drake anayamba kutchera khutu mu 1960 ku Green Bank, ku America, akuloza nyenyezi ziwiri, Tau Ceti ndi Epsilon Eridani, pa mafunde a wailesi a 1420 MHz, pamene hayidirojeni amamvekera. Zodzidzimutsa zachitikapo. Mu 1967 Jocelyn Bell anamva kugunda kobwereza pa sekondi imodzi ndi pang'ono, ndipo kunapezeka kuti ndi mtundu watsopano wa nyenyezi, pulsar. Pa 15 August 1977 telesikopu ya Big Ear ku Ohio inalandira mafunde amphamvu kwa masekondi 72, amene sanabwerenso ngakhale anawafunafuna kambiri. Ku Parkes, ku Australia, mafunde amene anazunguza akatswiri kwa zaka anapezeka mu 2015 kuti ankachokera ku microwave ya kukhitchini ikatsegulidwa isanazime.

Choncho lamulo ndi lakuti uthenga ubwereze, uzimiririke dishi ikalozedwa kwina, ndipo umvekenso pa telesikopu ya dziko lina. Ntchito ina yotere ikuchitikira kum'mwera kwa Africa kuno. MeerKAT, madishi 64 a m'chipululu cha Karoo ku South Africa, inatsegulidwa mu 2018 ndipo ndi chiyambi cha Square Kilometre Array, ntchito yomanga telesikopu ya wailesi yaikulu kwambiri imene Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la maiko a mu Africa ogwirizana nayo.

Ifeyo tinatumizako uthenga?

Inde. Mu 1974 dishi ya Arecibo ku Puerto Rico inatumiza kachithunzi ka timadontho 1,679 kulowera ku gulu la nyenyezi la M13, ndipo kadzafika patatha zaka pafupifupi 25,000. Zombo ziwiri za Voyager zinanyamula chimbale chokutidwa ndi golide chokhala ndi zithunzi, nyimbo, kulira kwa nyama ndi moni m'zilankhulo 55. Pamndandanda wa zilankhulozo pali Chinyanja, ndipo moni wake ukufunsa anthu a kumwambako kuti ali bwanji. Za kutalika kwa ulendo wake onani yankho la zombo zopita ku nyenyezi zina.

N'chifukwa chiyani zolengedwa za m'mafilimu zimafanana ndi anthu?

Choyamba ndi ndalama: munthu wovala chigoba cha labala ndi wotchipa kuposa china chilichonse. Chilombo cha mu Alien ya mu 1979 anasewera ndi Bolaji Badejo wa ku Nigeria, amene anasankhidwa chifukwa anali woonda ndi wamtali kuposa mamita awiri. Chachiwiri, oonera amawerenga mantha ndi chifundo m'maso ndi pakamwa, choncho cholengedwa choti tichimvere chisoni amachipatsa maso aakulu, choti tichiope amachibisa maso. Sayansi ilibe chifukwa choyembekezera miyendo iwiri ndi manja awiri. Padziko lathu lomweli, kwa nthawi yaitali kwambiri ya mbiri ya moyo kunali tizilombo ta selo imodzi tokha.

Ndinaona kuwala kwachilendo kumwamba usiku. Kodi chinali chombo cha alendo?

Yambani ndi zodziwika. Kuwala kowala kwambiri kosasuntha, chakumadzulo dzuwa litangolowa kapena chakum'mawa mbandakucha, ndi Nthanda, pulaneti la Venus. Kuwala kosaphethira kodutsa thambo m'mphindi zochepa popanda phokoso kawirikawiri ndi International Space Station, ndipo kumazimiririka mwadzidzidzi ikalowa mumthunzi wa dziko. Mzere wa timiyuni tondondozana ndi masetilaiti a Starlink ongoponyedwa kumene. Chong'anima kwa sekondi imodzi kapena ziwiri ndi kamwala kopsa mu mpweya, pamene moto woyenda pang'onopang'ono ukugawanika zidutswa nthawi zambiri ndi chitsulo cha roketi chikubwerera. Lembani nthawi, mbali imene munayang'ana ndi kutalika kwa nthawi imene chinaoneka, kenako yerekezani ndi pulogalamu ya pafoni yosonyeza masetilaiti. Pojambula ikanimo mtengo kapena denga, chifukwa kadontho pa mdima wokhawokha sikasonyeza kukula kapena liwiro.

Nkhani yotchuka m'dera lathu ndi ya pa Ariel School ku Ruwa, ku Zimbabwe, kumene pa 16 September 1994 ana pafupifupi 60 ananena kuti anaona chombo ndi zolengedwa pafupi ndi bwalo la sukulu. Ambiri mwa iwo, atakula, akunenabe zomwezo, ndipo palibe chifukwa chowatchulira abodza. Komabe panalibe chithunzi kapena chinthu chogwirika chimene chinatsala, ena mwa anawo anafunsidwa ali pagulu akumverana, ndipo masiku awiri m'mbuyo mwake anthu ambiri a m'derali anali ataona moto wa roketi yobwerera, nkhani ya zombo zachilendo ili m'kamwam'kamwa. Umboni wotere sukwanira kutsimikizira nkhani yaikulu chonchi.

Ngati nyenyezi zilipo zambirimbiri, alendowo ali kuti?

Funsoli analifunsa wasayansi Enrico Fermi mu 1950. Mlalang'amba wathu uli ndi nyenyezi zosachepera 100 biliyoni ndipo ndi wakale kuposa dzuwa ndi zaka mabiliyoni, choncho ena akanayenera kutitsogolera. Mayankho amene amaperekedwa ndi angapo. Mwina moyo umayamba movuta kwambiri. Mwina tizilombo ndi tofala koma nzeru zopanga wailesi n'zosowa. Mwina mitundu yanzeru imadziwononga msanga, kapena imalankhulana m'njira imene ife sitinaidziwe.

Palinso nkhani ya kukula kwa malo. Mafunde athu a wailesi ayenda kwa zaka zongopitirira pang'ono 100, pamene kuwala kumatenga zaka pafupifupi 100,000 kudutsa mlalang'amba wathu, ndipo mafundewo amafooka kwambiri akamatalikira moti dishi ngati zathu singawamve patali. Kumvetsera kwathu nako kunayamba mu 1960, ndipo nyenyezi zambiri zimene zafufuzidwa zinamvetseredwa kwa mphindi zochepa, pa mafunde ochepa.